Kamoto ndi Mpira Wokonda Ngalande

Kunyumba ankamutchula kuti Kamoto. Anali mtsikana wamng'ono. Koma mtima wake sunkachedwa kupsa.

Kamoto ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugwetsa mapini.

Mapiniwo anali mu holo ya masewera a bolingi. Anali khumi, oyera, ooneka ngati mabotolo. Ankaima kumapeto kwa kanjira ka matabwa. Wosewera ankagubuduza mpira wolemera kuti uwagwetse. Uku ndi uku kwa kanjirako kunali ngalande. Mpira ukalowa m'ngalande, sugwetsa kanthu.

Bambo ake a Kamoto anali dalaivala wa basi. Loweruka lililonse ankasewera muholomo. Ankasewera ndi mchimwene wake wa Kamoto. Kamoto ankangoonerera.

Tsiku lina mchimweneyo anagwa panjinga. Anathyoka mkono. Kuchipatala anamumanga pulasitala.

Mpikisano wa kholo ndi mwana unali pafupi.

"Kamoto, usewera nane ndiwe," anatero bambo.

"Ameneyu?" anatero mchimwene. "Iyeyu ndi mpira, wolemera ndi mpira."

Kamoto anamuyang'ana ndi diso loipa. 

Loweruka anapita kuholo atatu. Kamoto anavala nsapato zoterera za muholo. Analowetsa zala m'mabowo a mpira. Kenako anathamanga.

Miyendo inafika pa mzere wakuda, umene woponya saloledwa kuuponda. Koma mkono unali udakali kumbuyo. Kamoto anaukoka mwamphamvu. Mpira unagwa pansi, di. Gudubu, gudubu, m'ngalande.

Kamoto anatenga mpira wina. Ulendo uno anaponya miyendo isanafike. Gudubu, gudubu, m'ngalande.

Anatenga wina. Anathamanga kwambiri mpaka anaponda mzere. Belu linalira. Mpira nawo, gudubu, gudubu, m'ngalande.

Mchimwene anaseka. "Mpira wako uli ndi chibale ndi ngalande," anatero.

Kamoto anakwiya. Anakwiyira mpira. Anakwiyira nsapato. Anakwiyira mapini, amene anangoima phee ngati sakumuona.

"Mpira uwu ndi wokhota," anatero Kamoto.

"Mpira ulibe mlandu," anatero bambo. "Basi yako yafika pasiteji, koma okwera yawasiya m'mbuyo. Miyendo ndiye basi. Mpira ndiye wokwera. Zizifika limodzi."

Kamoto anaimanso. Bambo anaima pambali pake.

"Weramako," anatero bambo. "Ayi, waweramitsa. Yang'ana kutsogolo. Yamba ndi phazi lamanja. Ayi, linalo. Usaumitse phewa. Kuthamanga si kufika, mwanawe."

Gudubu, gudubu, m'ngalande.

Pachifuwa pa Kamoto panatentha. M'makutu munatentha. Anamenya benchi ndi phazi. Chala chinapweteka. Ndiye anakwiyiranso benchi.

"Ababa, mawu anu achuluka," anatero mokweza. "M'mutu mwanga mwadzaza. Sindiseweranso."

Anavula nsapato. Anakhala pansi. Anatupa masaya.

Nawo bambo anapsa mtima. "Kumeneko ndi kuyankha kwa mwana?" anatero. "Khala pomwepo. Uone mmene anthu amaponyera."

Bambo anatsomphola mpira. Anayenda mwamdidi, di, di, di. Anafika pamzere msanga. Mkono unali udakali kumbuyo.

Gudubu, gudubu, m'ngalande.



Bambo anatsomphola mpira wina. Kamoto sanayang'ane mpirawo. Anayang'ana miyendo ya bambo ake. Miyendoyo inkathamanga. Inkathamanga ngati yake ija.

Gudubu, gudubu, m'ngalande.

"Ababa," anatero Kamoto chapansipansi. "Basi yanu yasiya okwera."

Mchimwene anabisa nkhope kuseri kwa pulasitala. Bambo anatembenuka. Maso awo anali psuu. Kamoto anaganiza kuti lero ndiye kwachema.

Koma bambo anangokhala pabenchi. Anapumira m'mwamba. Anapukuta thukuta.

"Wanena zoona," anatero. "Ine ndikapsa mtima, miyendo imandithawa."

"Inenso," anatero Kamoto.

Madzulo kunyumba, bambo anachotsa nsapato zonse m'khonde la m'kati. Anapatsa Kamoto chikwama chokhala ndi buku limodzi lalikulu.

"Ichi chikhale mpira," anatero. "Ndipo mawu ndachepetsa. Kankha. Tsitsa. Bweza. Ponya. Liwu limodzi, phazi limodzi."

Amayi anasuzumira ali kukhitchini. "Mukandiswera galasi langalo, nonse mugona panja," anatero.

Kamoto anayesa. Anakankhira chikwama kutsogolo. Anachitsitsa. Chikwama chinapita kumbuyo. Koma miyendo inali itafika kale kukhitchini.

Anayesanso. Zinakanika. Anayesanso. Chikwama chinamumenya pabondo.

Mchimwene anali atatsamira chitseko. "Ngakhale bakha amayenda bwino kuposa pamenepo," anatero.

Kamoto anaponya chikwama pansi. "Achimwene, ndakulakwirani chiyani?" anafunsa. "Tsiku lonse mukungondinena."

Mchimwene sanaseke. Nkhope yake inachita mdima.

"Malo amenewo ndi anga," anatero. "Chaka chonse ndakhala ndikukonzekera. Lero ndangokhala ndi chimkono ichi. Iwe wapatsidwa malo anga, ndipo ukumenya mabenchi."

Kamoto anayang'ana pulasitala uja. Mkwiyo wake unaphwa pang'ono. Sunathe wonse, koma unaphwa.

"Ndiye ndithandizeni," anatero. "Pakamwa panu sipanathyoke."

Mchimwene anachoka pachitseko paja. Kenako anatenga choko. Anajambula kadontho pansi.

"Uziyambira apa," anatero. "Apa pokhapokha, nthawi zonse. Kuholo kulinso timadontho totere. Mawu ndizinena ine. Iwe usawapitirire."

Kamoto anaima pakadontho.

"Kankha," anatero mchimwene pang'onopang'ono. "Tsitsa. Bweza. Ponya."

Phazi lomaliza linatsetsereka. Chikwama chinafika limodzi ndi phazilo. Kamoto anamva kupepuka m'mkono.

"Bwereza," anatero mchimwene.

Kamoto anabwereza. Mawa lake anabwereza. Mkuja wake anabwereza. Masiku ena zinkatheka. Masiku ena ankakwiya n'kukadzitsekera kuchipinda. Koma ankatulukanso, n'kuima pakadontho.

Tsiku la mpikisano linafika. Muholo munadzaza makolo ndi ana. Amayi nawo anabwera. Anakhala pabenchi ndi mchimwene.

Bambo anaponya bwino. Kenako inafika nthawi ya Kamoto. Anthu onse ankamuyang'ana. Kamoto anaiwala kadontho. Anaiwala mawu. Anathamanga.

Gudubu, gudubu, m'ngalande.

Mnyamata wa kanjira koyandikana anaseka. Anamuloza ndi chala. "Taonani kamwanako," anauza anzake.

Pachifuwa pa Kamoto panatentha. M'makutu munatentha. Miyendo inkafuna kuthamanga. Mkono unkafuna kuponya mpira mwaukali.

Kamoto anayang'ana bambo ake.  Bambo anangopuma mpweya wautali, kuti Kamoto aone.

Kamoto naye anapuma. Anafunafuna kadontho kake. Anaikapo phazi. Anadikira mpaka m'makutu munazizira.

Kumbuyo kunamveka mawu a mchimwene, chapansipansi. "Kankha. Tsitsa. Bweza. Ponya."

Phazi ndi mpira zinafika limodzi. Mpira unayenda pakati pa kanjira. Gudubu, gudubu, gudubu, kho. Mapini ambiri anagwa. Atatu okha ndiwo anatsala.

Kamoto sanadumphe. Anali adakali wokwiya pang'ono. Anangobwerera pabenchi, n'kudikira nthawi yake.

Nthawi yake itafika, anaima pakadontho komweko. Anayenda chimodzimodzi. Mapini anagwa. Ulendo wina anaimanso pomwepo. Anayendanso chimodzimodzi. Mapini anagwanso.

Ndipo ulendo wina, onse khumi anangoti mbwee.

Mchimwene anaimirira. Anakweza pulasitala wake m'mwamba. "Ameneyo ndi mlongo wanga," anauza mnyamata woseka uja. Mnyamatayo anayang'ana kumbali.

Chikho anatenga ndi banja lina. Koma mpira wa Kamoto sunalowenso m'ngalande. Bambo anamunyamula, n'kumuzungulitsa m'mwamba.

Anthu atayamba kutuluka, amayi anavula nsapato zawo.

"Tandibwerekerani zotererazo," anatero. "Nane ndiyeseko."

Kamoto anawasankhira mpira wopepuka. Anawagwira dzanja. Anawaimika pakadontho. Amayi anayenda mosamala ngati asenza mazira.

Mpira wa amayi unanyamuka pang'onopang'ono. Unayenda pang'onopang'ono. Bambo ananjuta kuti auone bwino. Mchimwene ananjuta. Kamoto ananjuta. Onse anadikira, n'kudikira.

Mpira unafika. Unakhudza pini imodzi ya pambali. Piniyo inagwedezeka. Inaganiza kaye. Kenako inagona pansi.

Amayi anawerama ngati apambana chikho. Onse anaseka mpaka misozi.

"Poyamba zimatero, Amayi," anatero Kamoto, akuwapatsa mpira wina. "Bwerani, tiyendere limodzi."