Kaswichi ka Malemu

Nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu ayi. Inandichitikira ine mwini, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo alamu anga, achimwene a mkazi wanga, analipo. Iwo samwa mowa ndipo bodza amadana nalo. Mukawafunsa akuuzani zomwezi.

Ine ndine makaniko. Ndinakwatira mkazi wamasiye, ndipo mwamuna wake woyamba analinso makaniko. Anthu ankawatchula kuti a Khutu, chifukwa akuti ankangomvera kulira kwa injini n'kudziwa pamene pavuta. Sindinawaonepo, koma ndinatopa nawo. Ukamamanga bawuti wina amvekere, "A Khutu sankamanga choncho." Nthawi imeneyo munthu anali atagona m'manda zaka zinayi koma ankandilandabe ulemu pantchito. Nsanje ndinali nayo, sindibisa.

Malemuwo anasiya galimoto yaing'ono yoyera, imene mkazi wanga ankaisamala ngati mwana. Tsiku limene anandipatsa makiyi, ndinachotsamo zonse za mwini wake wakale: chipewa, kansanza kopukutira m'manja, ndi makoko ouma a malalanje pansi pa mpando, poti akuti ankagwira ntchito akudya malalanje. Pansi pa chiwongolero ndinapeza kaswichi kakuda ka mawaya awiri ofiira. Sindinafufuze n'komwe kumene mawayawo ankapita. Ndinangodula, kaswichiko n'kukaponya m'bokosi la zitsulo. Mumtima ndinati, katswiri wanu uja ndi ameneyu, womanga mawaya ngati chingwe choyanikapo zovala?

Nyengo yotentha itafika, galimoto inayamba kuvuta. Ikamathamanga zonse zinali bwino, koma ukangoima pa maloboti injini ikulira, muvi woonetsa kutentha unkakwera mpaka pofiira. Makaniko aliyense amadziwa kuti poyenda mphepo imaziziritsa rediyeta, modutsa madzi a injini, koma poima ntchitoyo ndi ya fani. Komabe ndinayamba ndi zing'onozing'ono. Madzi anali odzaza, mapaipi osadontha. Themositati, kachitseko kotsegulira madziwo njira akatentha, nditaiika m'madzi owira inatseguka bwinobwino. Fyuzi inali yamoyo, ndipo fani nditailumikiza ku batire inazungulira. Chinatsala ndi sensa, kachipangizo kamene kamadzutsa fani madzi akatentha, ndipo inali itafa kalekale. Apo m'pamene ndinazindikira ntchito ya kaswichi kaja. Malemu ankayatsa fani ndi dzanja.

"Ingobwezeranipo kaswichiko, bambo," anatero mkazi wanga. "Iwo ankangokakhudza, basi."

"Iwo ankazemba vuto. Ine ndikonza."

"Chabwino. Koma ikapanda kutheka pofika Loweruka, ndiipereka kwa mng'ono wawo aione. Anamuphunzitsa ndi iwo."

Mawu amenewo anandiwotcha kuposa madzi a mu rediyeta. Galimoto ya mkazi wanga ikakonzedwe ndi m'bale wa malemu, ine makaniko ndili pakhomo? Anzanga ku galaji akanandiseka mpaka kukalamba.

Ndinaika sensa yatsopano. Ku galaji fani inadzuka yokha katatu, ndipo ndinabwera kunyumba ndikuimba mluzu. Nditaima pageti kuti nditsegule, muvi unakwera, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Ndinasintha rile yotumiza magetsi ku fani, ndinayeza waya uliwonse, ndinatulutsa mpweya m'mapaipi. Zonse zinali bwino, koma galimoto inkawirabe.

Loweruka masana alamu anafika kudzaitenga kuti akaipereke kwa mng'ono wa malemu. Ndinawapempha kuti ndiyese komaliza. Ndinatsegula boneti, ndinaliza injini, kenaka ndinazula pulagi ya fani kuti ndione ngati magetsi akufika. Alamu anaima pawindo la dalaivala, maso pa muvi.

"Wadutsa pakati, alamu," anatero.

Kababu kanga koyezera magetsi sikanayake. Chitsulo chinayamba kununkha. Madzi ankabwata m'paipi ya pamwamba.

"Ukufika pofiira. Zimitsani."

"Dikirani kaye."

Nkhuku zimene zinabisala dzuwa pansi pa galimoto zinatuluka zonse pamodzi, n'kukaima patali, zii. Mkazi wanga anatuluka m'nyumba, natsegula chitseko chakumanzere, nakhala pampando kuti achotse mapepala ake galimoto isanapite.

Ndinamva fungo la lalanje. Longosenda kumene, lija lolasa m'mphuno. Pakhomo pathu lalanje sililowa. Ndinaletsa ndine.

Pansi pa chiwongolero panamveka kuti tcha!

Fani inazungulira.

Pulagi yake inali m'dzanja langa. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana fani. Kunja kunalibe mphepo, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Koma fani inkalira mwamphamvu, mpweya wotentha ukundimenya kumaso.

"Alamu, mwakhudza chiyani?"

"Manja anga ndi awa," anayankha monong'ona, atawakweza m'mwamba. "Muvi ukutsika."

Mpando wa dalaivala unalira pang'ono, monga umachitira munthu akamakhala bwino. Panalibe munthu. Alamu anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda mpanda. 

Mkazi wanga yekha sanachite mantha. Anaika mapepala pamiyendo, namwetulira.

"Zikomo, bambo," anatero motsitsa mawu.

Ndinatsala pang'ono kuyankha. Kenaka ndinaona kumene ankayang'ana. Maso ake anali pampando wa dalaivala.

Alamu anabwerera kwawo wapansi, ndipo nkhani yopereka galimoto kwa mng'ono wa malemu inathera pomwepo. Atapita ndinatsegula bokosi la zitsulo. Kaswichi kanali momwemo, pansi pa masipanala, mawaya ake odulidwa monga ndinakasiyira. Ndinakagwira. Kanali kofunda.

Galimotoyo tidakali nayo. Pulagi ndinabwezera, ndipo amakaniko anzanga atatu anaiona n'kunena kuti palibe cholakwika. Mkazi wanga akakhalamo, tikhoza kuima pamzere ola lathunthu injini ikulira, muvi susuntha. Pakapita kanthawi timangomva kuti tcha, ine manja onse ali pa chiwongolero. Ndikakhala ndekha ndimazimitsa injini pa maloboti alionse, apo ayi iwira.

Mantha anatha pang'onopang'ono, munthu umazolowera. Chimene sichinathe ndi china. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndili naye mkaziyu. Ndinamukonzera denga, chitofu, makina osokera, ndipo amandithokoza ndithu. Koma mawu amene anathokozera tsiku lija, ine sanandilankhulepo nawo.