Liwu limene Stenis anagumula pachipata

Madzulo amenewo Stenis anadya phala lake la tirigu ali chiimire, ndevu zili mbuu ndi fumbi. Anali wosema miyala m'kamudzi ka kumapiri a Samnium, ndipo Aroma, amene anali atangolanda dzikolo, anamugwiritsa ntchito yonyansa. Pamwala wa pachipata panali liwu limodzi la Chiosika, chinenero cha kumeneko, lakuti touto, kutanthauza mtundu wonse wa anthu. Msilikali anati liwulo lichoke dzuwa lisanalowe, apo ayi pachoka dzanja la wosema. Stenis anakonda dzanja lake, choncho liwulo analigumula.

Akuluakulu ankati liwulo linabwera ndi makolo amene anatsata ng'ombe yamphongo mpaka kumapiriko. Ankatinso n'lachikazi ndipo limasintha mchira ngati zovala, lero touto, mawa toutam. Koma ntchito yake sinali yoseketsa. Maliro aliwonse ankaima pachipata, n'kukhudzitsa chala cha wakufa paliwulo, kuti uko akupita akadziwike kuti ndi wa kwa yani.

Pakati pa usiku Stenis anamva kukanda pachitseko. Kwe, kwe, kwe. Kuchokera kumanja kupita kumanzere, monga amawerengera anthu akwawo.

Anaganiza za mnzake woyandikana naye. "Maras, chidakwa iwe, khomo lako ndi linalo! Kagone!"

Kunja kunamveka mawu a mkazi.

"Mwamuna wanga, liwu lija mwaliika kuti?"

Anali mawu a Pakia, mkazi wake, amene anamuika m'manda nthawi yokolola mphesa.

"Pakia, si unapita kale iwe?"

"Uko tinapita atibweza tonse. Akuti mtundu umenewo kulibe. Tabwera kudzakhudzanso, koma pamwala pali see. Kunja kuno kukuzizira, Stenis."

Anasuzumira pamng'alu. Mzere wa anthu unayambira pachipata, kudutsa pachitsime, mpaka kukathera pakhomo pake. Aliyense chala chimodzi m'mwamba. Anawazindikira bambo ake. Ena anali atavala zikopa za mbuzi, zosokedwa mwachikalekale. Palibe amene ankatsokomola. Ngakhale agalu anangoti duu.

Stenis anatola nyundo ndi chosemera, n'kutuluka.

Kutacha, Maras anamupeza atakhala tsonga pachipata, m'manja muli matuza okhaokha. Pamwala panalibe chilembo ngakhale chimodzi.

"Mkulu wanga, wagona pano? Ndiye woledzera ndani, ine kapena iwe?"

"Ndasema kasanu," anatero Stenis, osamuyang'ana. "Ndikangomaliza, zala zawo zikulifufuta. Achuluka, Maras. Ndipo akuyambira amene anafa kale."

"Nanga mlamu?"

"Ali kumapeto."

Kuyambira pamenepo nyundo imalira usiku uliwonse. Asilikali amabwera m'mawa kudzagwira wosema liwulo, amapeza mwala uli see, amabwerera akutukwana. Koma amayi a pachitsime amauyeza ndi chikhatho akamadutsa. Unali wochindikala ngati ng'ombe yogona, tsopano ukunga mtanda wa buledi. Amanong'onezana kuti mzerewo sunafike n'pakati pomwe, ndipo mwala udzatha Pakia asanaufike.