Telala Amene Sanacheuke

Telala wina anali katswiri wa kwaya, koma umphawi unamukakamira ngati nsabwe. Makina ake anali akalekale, lamba wake womanga ndi waya. Kutsidya kwa msewu kunali shopu ya mnzake yowala magalasi, ndipo akaiyang'ana, nsanje inkamukhotetsa msoko.

Tsiku lina anaponya buku la nyimbo pansi pa tebulo. "Zaka zonsezi ndikugwada, ndaphulapo chiyani? Kumwambaku kulibe aliyense," anauza mlamu wake, makaniko amene anasiya kalekale kupemphera.

"Inenso sindikhulupirira, alamu," anatero makaniko, "koma umunthu sindinautaye."

Telala anangoseka. Nzeru zake taonani: wakana Mulungu poti samuona, n'kuthamangira kukagwadira nsupa!

Sing'anga anamulandira m'kachipinda kopanda zenera. "Ndiye mukuti tchimo kulibe?"

"Kulibe. Wondilanga ndani?"

"Ntchito yapepuka. Chuma mupeza. Koma munthu akakuitanani ndi mawu olira, musacheuke. Mukangotembenuza khosi, zonse zibwerera kuno."

"Basi?"

"Basi. Onse amafunsa choncho."

Posakhalitsa shopu ya telala inadzaza makina atsopano ndi antchito. Wopemphetsa akalira pakhomo, telala maso ali pa nsalu. Mayi ake atagwa m'bafa n'kumuitana, anakawadzutsa ndi makaniko uja. Khosi la telala linauma gwa, iye n'kumati ndiwo mayendedwe a mabwana. Zamanyazi.

Masana ena antchito atapita kukadya, simbi yamoto inaiwalika pa nsalu m'chipinda cha katundu, momwe mwana wake wamkazi ankagona akaweruka kusukulu. Telala anali atafulatira chipindacho, akuyesa kasitomala jekete.

"Ababa! Ababa, chitseko chakana!"

Anamva bwinobwino. Utsi anaununkhiza. Anaima chilili, tepi ili m'manja, maso ali pa makina ake onyezimira. Kasitomala, munthu wachilendo, ndiye anathamanga n'kuyamba kumenya chitseko ndi phewa, akukuwa kuti amuthandize. Telala anadziuza kuti munthu mmodzi akwanitsa.

Pamene ankacheuka n'kuti mwana atasiya kale kuitana.

Moto unapsereza zonse. Lero telala amazungulira m'misika atavala sanza, akufunsa aliyense ngati waona mwana wovala yunifolomu.

Dyera limadya mwini wake. Kaya umapemphera kaya supemphera, ukagulitsa chifundo kuti ulemere, dziwa kuti wolipira adzakhala wa m'nyumba mwako.