Chithunzi cha Tiwonge Chasowa

Tiwonge ankakhala ku Kasina ndi bambo ake, a Rafaelo, amene anali mphunzitsi. Mayi ake anali kutali. Ankaphunzira unamwino ku Mzuzu. Tiwonge ankawasowa kwambiri.

Kukazizira m'mawa, ankawasowa. Nthawi yoluka tsitsi, ankawasowa. Bambo ankayesetsa kumuluka. Koma mizere yake inkakhota ngati njira ya mbuzi!

Lamlungu lililonse mayi ankaimba pa kompyuta ya bambo. Ankaonana, n'kucheza pang'ono.

Tiwonge anafuna kuwaonetsa chinthu chokongola. Anayamba kujambula chithunzi pa kompyutapo. Lolemba anajambula nyumba. Lachiwiri anajambula phiri. Lachitatu anajambula munda wa kachewere. Pofika Lachisanu, chithunzi chinatha.

Loweruka m'mawa Tiwonge anatenga kansalu. Anapukuta mipando. Anapukuta tebulo. Anaona fumbi pa kompyuta, n'kupukutanso.

Atayang'ana, anadabwa. Nyumba panalibe. Phiri panalibe. Panali mafunso a masamu okhaokha.

Kusukulu Tiwonge ndiye ankafufuta bolodi. Ankadziwa bwino kuti chofufutidwa sichibwerera. Anakhala pansi, n'kuyamba kulira.

Bambo analowa atanyamula khasu.

"Walira chiyani, mwanawe?"

"Ababa, ndafufuta chithunzi cha amayi. Mawa ndiwaonetsa chiyani?"

"Wafufuta ndi chiyani?"

"Ndi kansaluka."

Bambo anaseka mpaka khasu linagwa.

"Iwe, kompyuta si bolodi. Tabwera kuno."

Tiwonge anayandikira, akufwenthera.

"Nyumba yathu ili ndi zipinda zingati?" anafunsa bambo.

"Zitatu."

"Ukakhala pabalaza, umaliona bedi lako?"

"Ayi."

"Ndiye kuti lasowa?"

"Ayi, lili kuchipinda."

"Kompyutanso ndinaigawa zipinda zitatu. Ntchito iliyonse ndi chipinda chake. Sindifuna zisakanikirane. Popukuta paja, unangolowa chipinda china."

Bambo anamugwira dzanja. Anaika zala zake zinayi pamalo osalala, pansi pa mabatani.

"Ichi ndi chipinda cha mayeso a ana anga akusukulu. Kokera zalazo kumbali."

Tiwonge anakoka. Panabwera nyimbo za kwaya ya kutchalitchi.

"Kokeranso."

Tiwonge anakokanso. Nyumba ija! Phiri lija! Munda uja!

"Chilipo! Ababa, chilipo!"

Anakokera uku, chinabisala. Anakokera uko, chinabwera. Anachita zimenezi kasanu, kuti akhulupirire.

Lamlungu, atachoka ku Misa, Tiwonge anathamangira kunyumba. Anakhala patebulo osasintha n'komwe diresi. Anadikira. Anadikirabe.

Kenako kompyuta inalira. Nkhope ya mayi inaoneka.

"Amayi, ndili ndi chipinda changachanga mu kompyuta!"

"Eti? Muli chiyani m'chipindamo?"

Bambo anatumiza chithunzicho. Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Nyumba yathu iyi," anatero mayi. "Awa ndi abambo ako. Uyu ndiwe. Nanga wa diresi yoyerayu, wakugwira dzanjayu, ndani?"

"Ndinu, amayi. Ndakujambulani mutabwera kale."

Mayi anayang'ananso chithunzicho. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Ndapempha tchuthi, mwanangu. Andilola. Ndikubwera Lachinayi."

Tiwonge anadumpha pampando.

"Ababa, mwamva? Lachinayi!"

"Ndamva," anatero bambo, akumwetulira.

Tiwonge anaweramira pafupi ndi nkhope ya mayi.

"Amayi, ndidzakuchingamirani kumsewu. Chikwama chanu ndidzanyamula ndine."