Uthenga wa Hafiz Unali ndi Mwini Wake

Farida anakumana ndi Hafiz pa depoti ya Mangochi, minibasi itakana kudzaza. Mtsikanayu ankagwira ntchito mu laibulale ya sukulu ina ku Lungwena, ndipo Loweruka lililonse ankabwera ku boma kudzaphunzira kufufuza zinthu pa intaneti. Hafiz? Wa kabaza ya njinga yamoto wochokera ku Chiponde, pakamwa pozuna ngati nzimbe.

"Asisi, dzuwali liwononga khungu limeneli. Kwerani, mulipira ndi nambala ya foni."

Anakwera. Ana a masiku ano!

Mauthenga anayamba kuvumba. Umodzi Farida anauloweza pamtima: "Duwa langa, ngakhale mpunga wa pa Idi ndingausiye pa mbale ukandiitana. Ndiwe woyamba, ndiwe womaliza."

Posakhalitsa Hafiz anati amalume ake abwera Lamlungu kudzafunsira mbeta. Farida anasowa pokhala. Anauza mayi ake, mayi akewo anauza mudzi wonse, nasankhiratu nkhuku yodzaphera alendowo.

Loweruka la sabata imeneyo, mphunzitsi wawo, mayi Fyness, anati, "Wowerenga akakubweretserani chiganizo, akufuna kudziwa komwe chinachokera, musamangoponya mawu ngati khoka. Atsekereni m'mitengero, tizizindikiro tija totsekera zoyankhula za munthu. Kompyuta isaka mawu omwewo ndendende. Tayesani!"

Anzake analemba miyambi. Farida analemba uthenga wa Hafiz. Ankangofuna kuuona m'malemba akuluakulu basi.

Kompyuta inabweza tsamba la wojambula zithunzi za maukwati ku Katuli. Hafiz uyo, mu mkanjo woyera! Pambali pake mkwatibwi, dzina lake Yasmin. Pansi pa chithunzi, mawu amene mkwati anauza mkwatibwi: mpunga wa pa Idi womwewo. Tsiku lake? Mwezi umodzi Farida ndi Hafiz asanakumane pa depoti paja.

Anatuluka osatsanzika, naimba foni.

"Duwa langa!"

"Yasmin ndani?"

Hafiz anatsitsa mawu.

"Ndimati ndikuuze zonse zikatha, wokondedwa. Nanga si chipembedzo chimalola?"

"Chimalola mitala, Hafiz. Bodza sichilola. Ukanandiuza, ndikanasankha ndekha. Woyamba ndine? Uwauze amalume akowo asavutike."

"Farida, tamvera kaye..."

Anadula. Anayenda uku ndi uku pakhonde, misozi ikulowa m'kamwa. Akanena chiyani kwa anthu? Nanga azakhali ake amene anyamuka kale ku Katema kudzalandira nawo alendowo?

Anapukuta nkhope ndi mpango, naimbanso.

"Amayi."

"Nanga bwanji? Yankhula msanga, ndili ndi mpeni m'manja!"

"Nkhukuyo musaphe."