Chala Chimabwera Pomaliza

"Ketilina, ndiwe wakuba! Waba mapatapata anga!"

Anakuwa choncho ndi Safiyya. Safiyya amakhala ku Chipata. Amafuna kudzakhala ditekitivi. Ditekitivi wa pa TV amakuwa. Amaloza chala. Ndiye Safiyya anakuwa. Analozanso chala.

Nkhani inayamba chonchi. Safiyya anapita ku madrasa. Anavula mapatapata ake pakhomo, monga amachitira ana onse. Anali atsopano. Anali obiriwira, a duwa loyera. Potuluka, sanawapeze.

Anayenda wopanda nsapato. Pansi panali potentha. Mtima wake unatenthanso.

Panjira anakumana ndi Ketilina, mnzake wa nyumba yoyandikana nayo. Ketilina anavala mapatapata. Obiriwira. A duwa loyera.

"Ndi anga awa," anatero Ketilina. "Amama anandigulira ku msika."

"Bodza!" anatero Safiyya.

Ana anasonkhana. Ukasha anafikanso. Ukasha ndi mchimwene wake wa Safiyya. Ankayendetsa galimoto yake ya waya wofiira. Iye ndiye anayambitsa nyimbo.

"Wakuba! Wakuba!"

Ana onse anaimba nawo. Palibe anafunsa kanthu. Palibe ndi mmodzi yemwe!

Ketilina analira. Anavula mapatapata aja. Anawaponya pansi. Anathawira kwawo wopanda nsapato.

Safiyya anawatola n'kuthamangira nawo kunyumba. Pakhonde panali azakhali ake, a Mwanaamina. Iwo ndi ditekitivi weniweni wa kupolisi. Savala yunifomu. Amavala chitenje ndi mpango basi.

"Azakhali, ndagwira wakuba! Ndine ditekitivi ngati inu!"

"Eya? Wakubayo ndani?"

"Ketilina."

"Unamuona akutenga?"

"Ayi."

"Unamufunsa bwino?"

"Ayi. Koma ndi obiriwira!"

"Ku msika obiriwira ndi ako okha?"

Safiyya anayang'ana mapatapata aja.

"Tavala tione," anatero azakhali.

Safiyya anavala. Zala zinalowa. Chidendene chinatsala kunja. Anakankha phazi. Anakankhanso. Chidendene chinatsalabe kunja.

Mapatapata anali aang'ono. Sanali ake.

Manyazi anamugwira Safiyya. Anayang'ana pansi. Anafuna kulowa kunsi kwa mphasa.

"Azakhali," anatero motsitsa mawu, "kodi ditekitivi ndi ndani?"

"Ditekitivi ndi wofufuza milandu," anatero azakhali. "Kufufuza ndi kufunafuna zoona. Akaba m'sitolo, ife timapita pamalopo. Timayang'ana. Timafunsa amene anaona. Timaganiza. Chala chimabwera pomaliza."

"Ine ndinayamba ndi chala," anatero Safiyya.

"Eee. Ndipo chala chako chavulaza mnzako."

Safiyya ananyamula mapatapata aja. Anapita kwa Ketilina. Anayenda pang'onopang'ono. Manyazi ndi katundu wolemera.

Ketilina anakhala kuseri kwa nyumba. Maso ake anali ofiira.

"Pepa, Keti. Ndi akodi. Tenga."

Ketilina sanatenge.

"Nyimbo ija amva anthu onse," anatero. "Pepa wakoyu amva ndani?"

Zoona zimenezo! Safiyya anasiya mapatapata aja pansi. Anapita pakati pa msewu. Ana aja anali pomwepo, akusewera mpira. Anaima patsogolo pawo. Mawu aakulu aja anali nawobe.

"Ketilina si wakuba! Ndinalakwa ndine! Ketilina si wakuba!"

Ana ena anaseka. Ena anayang'ana pansi. Ukasha anatenga galimoto yake n'kuchoka.

Ketilina anatuluka. Anavala mapatapata ake. Anamukwana ndendende.

"Nanga ako ali kuti?" anafunsa Ketilina.

"Sindikudziwa."

"Tiye tikawafune."

Anapita atatu: Safiyya, Ketilina ndi azakhali. Panjira Safiyya anauza Ketilina mawu a azakhali aja. Anafika pakhomo pa madrasa.

"Choyamba n'chiyani?" anafunsa azakhali.

"Kuyang'ana," anatero Safiyya.

Anayang'ana pakhomo. Panalibe. Anayang'ana kunsi kwa benchi. Kunalibe.

"Chachiwiri?"

"Kufunsa."

Pageti panali amayi a Tiyanjane. Iwo amagulitsa zitumbuwa pamenepo. Safiyya anawapatsa moni. Anafunsa mwaulemu.

Amayi a Tiyanjane anaseka. "Ndinaona mnyamata. Mapazi aakulu, mapatapata a duwa! Ankapita ku mpopi kukasamba m'mapazi. Nkhope sindinaione. Ndinaona msana wokha."

Atatu aja anapita ku mpopi. Pansi panali matope. M'matope munali mapazi aakulu.

"Taonani!" anatero Ketilina.

Kuseri kwa thanki kunali mapatapata. Obiriwira. A duwa loyera. Safiyya anavala limodzi. Linamukwana ndendende. Koma linalo linali loduka chingwe. Wina anayesa kulimanga. Analimanga ndi waya. Waya wofiira.

"Chachitatu?" anafunsa azakhali.

"Kuganiza," anatero Safiyya.

Anaganiza. Mnyamata wa mapazi aakulu. Mnyamata wa ku madrasa. Mnyamata wa waya wofiira.

Manyazi anamugwiranso. Iye analoza nyumba ya eni. Koma nkhani inali m'nyumba mwawo momwe.

Chala chake chinayamba kudzuka. Ketilina anachigwira.

"Iwe! Chala chimabwera pomaliza."

Onse anaseka. Azakhali anagula zitumbuwa. Anadya panjira. Safiyya anapatsa Ketilina chachikulu.

Kunyumba anapeza Ukasha pakhonde. Galimoto yake inali pambali. Gudumu limodzi linali lendelende. Waya wake unali utachoka.

Safiyya sanakuwe. Sanaimbe nyimbo. Anakhala pansi. Ketilina anakhala pambali pake. Azakhali anakhala pampando.

Safiyya anaika patapata loduka lija patsogolo pa Ukasha. Analiika pafupi ndi gudumu. Waya uyu wofiira. Waya uyo wofiira.

Ukasha anayang'ana patapata. Anayang'ana gudumu. Kenaka anayang'ana pansi. Anabisa mapazi ake aakulu kunsi kwa mpando.

"Achimwene," anatero Safiyya, "ife sitikuimbirani nyimbo. Ife ndife ofufuza. Tikungofunsa."

Ukasha anakanda m'mutu.

"Chingwe kuduka si mlandu," anatero Safiyya. "Chimamangika. Koma inu munkadziwa kuti Ketilina sanabe. Munamuona akulira. Nanga nyimbo ija munaiyambitsiranji? Ketilina ali pano, akumva. Yankhani, achimwene!"