Mimba Sidya Mphira

Lolemba m'mawa pafamu panasowa zinthu ziwiri: makina owazira nkhuni ndi dalaivala wa thirakitala.

"Wakuba ndi yemweyo," anatero Nkhwangwa, kapitawo wa odula nkhuni. "Loweruka madzulo ndinamuona akuzembera kushedi kosungirako makinawo."

Mwini famu anauza mkazi wa dalaivalayo, yemwe ankaphikira antchito, kuti mwezi ukatha atuluke m'nyumba ya pafamu. Za nyumbazo mayiyo akanapirira. Chinkamudya mtima n'chakuti ana ake ankatchedwa ana a mbava.

Kuseri kwa khitchini kunali thanki yaikulu yokwiriridwa pansi, yomwe antchito ankaitcha Mimba. Ankathiramo zakudya zotsala ndi zowola za kumsika, iyo n'kumatulutsa gasi wophikira. Zowolazo ankabwera nazo ndi dalaivala yemweyo. Ndiye poti thirakitala inali itaima, aliyense ankadziwa kuti Mimba igona ndi njala, moto n'kuzima.

Koma moto sunazime.

Masabata anadutsa. Mayiyo akayatsa chitofu, lawi linkatuluka lalitali, labuluu, likulira ngati munthu wopumira m'mphuno. Masana dzuwa likuswa mtengo, khitchini ili zii, ankamva Mimba ikugeya pansi pa nthaka. Agalu a pafamu anasiya kudutsa kuseriko.

"Alamu," mayiyo anamufunsa Nkhwangwa tsiku lina, "Mimbayi ikudya chiyani? Ine ndikungoipatsa makoko a m'khitchini muno basi."

Nkhwangwa anaseka, koma ndi mano okha.

"Mwapeza moto waulere mukudandaula? Phikani, mayi. Ndipo musamaivundule ndi mtengo uja, ingaphulike."

Apo m'pamene mayiyo anayamba kukayika. Kuvundula inali ntchito yake ya m'mawa uliwonse. Nanga wodula nkhuni anayamba liti kusamala za gasi, chinthu chomwe chinamuphera msika?

Lachinayi m'mawa, nkhungu isanachoke, mayiyo anatenga mtengo wovundulira. Anaulowetsa. Unagunda chinthu cholemera chomwe chinasuntha pang'onopang'ono. Anapita mbali inayo, kotulukira manyowa, n'kudikira. Matope akuda anatumphuka. Kenako panayandama jombo ziwiri zomangidwa pamodzi ndi lamba wa mphira. Yakumanzere inali ndi chigamba chomwe iye mwini anamumatira mwamuna wake.

Sanalire. Anakazimitsa chitofu kaye.

Apolisi anafika dzuwa lili paliwombo. Anapopa thankiyo mpaka pansi, ndipo zomwe anatulutsamo anazifunditsa lona. Sajeni, mayi wamtali wosakonda zoyankhula zambiri, anatembenuza jombozo ndi kamtengo n'kuyang'anitsitsa mfundo ya mphirayo. Inali yopinda kawiri, nsonga yake yolowetsedwa kunsi.

Anayenda mpaka pomwe ankaunjika nkhuni. Mitolo yonse inali yomangidwa ndi mphira zodula ku machubu akale a thirakitala. Koma mfundo yotereyi inali pamulu umodzi wokha.

"Mulu uwu amamanga ndani?"

Odula nkhuni anayang'ana pansi. Kenako onse anayang'ana Nkhwangwa.

"Mfundo ndi mfundo, bwana," anatero iye. "Aliyense angamange."

"Mangani tione," Sajeni anauza enawo.

Anayesa mmodzimmodzi. Palibe anaitha.

Nkhwangwa anakhala pansi pachitsa, thukuta lili kamukamu. Anaulula kuti makina aja anali atawagulitsa kwa munthu wina wa macheka. Dalaivala anamupeza akuwakweza pagalimoto, n'kunena kuti akanena kwa bwana. Chikuni chimodzi cha m'khosi chinakwana. Miyendo anaimanga kuti thupi lilowe bwino pakamwa pa thanki, ndipo manja ake anangomanga momwe anazolowerera.

"Paja amati Mimba imadya chilichonse," anatero ndi mawu otsika.

"Mukanabwerako tsiku limodzi kudzasankha nafe zinyalala," anayankha mkazi wa dalaivala uja, "mukanadziwa kuti mphira sidya."

Sajeni anamuveka unyolo. "Zonse zimawola m'menemo, bambo. Koma mlandu suwola."

Mwini famu anabwera atavula chipewa. Ananena pamaso pa antchito onse kuti malemuwo sanali mbava, ndipo nyumba ija mkazi wake apitirize kukhalamo. Mayiyo anangogwedeza mutu. Maso ake anali pachitofu, pomwe kwa masabata onsewa ankaphikira ana ake chakudya, iwo akumufunsa kuti atate abwera liti.

Madzulo ake anatola nkhuni, n'kusonkha moto panja.